Mphunzitsi Wosapereka Yankho

Mu 1921 ophunzira a pasukulu ya zamalonda ya yunivesite ya Harvard, ku America, anapatsidwa pepala la tsamba limodzi lokha. Linkanena za fakitale yosoka nsapato yomwe papepalapo inatchedwa General Shoe Company. Kufakitaleko antchito anali ndi chizolowezi choika zida pansi nthawi yoweruka isanakwane, ena mpaka mphindi 45. Kumunsi kwa tsambalo kunali mafunso ofuna kudziwa zimene akuluakulu a kampaniyo anayenera kufufuza ndi kuchita. Yankho panalibe. Amene analemba pepalalo, Clinton Biddle, sanachite kuiwala ayi. Analisiya dala.

Papita zaka zoposa 100 tsopano, koma m'masukulu ambiri a zamalonda ophunzira akulandirabe mapepala otero, kungoti masiku ano amatalika mpaka masamba 15 kapena 20, ndipo kumapeto kwake kumakhala manambala mbwee. Nkhani ino ikunena za munthu amene amaimirira kutsogolo kwa kalasi yoteroyo, mphunzitsi wa bizinesi ndi kayendetsedwe ka ntchito pakoleji kapena payunivesite: kumene ntchito yake inachokera, mmene munthu amailowera, ndi chifukwa chake imadya mutu kuposa mmene imaonekera.

Tiyambe ndi tsoka lake. Wophunzitsa udokotala anachizapo odwala, ndipo palibe amene amamukayikira. Wophunzitsa bizinesi amakumana ndi funso limodzi kulikonse kumene wapita, ku ukwati ngakhale kumaliro: "Ngati mumadziwadi kupanga ndalama, nanga bwanji mukadali ndi choko m'manja?" Amalonda amamuona ngati munthu wa mabuku amene sanasowepo tulo chifukwa katundu wake wagwidwa pachipata cha msonkho. Anzake a payunivesite, a masamu ndi a mbiri yakale, kwa zaka zambiri ankamuyesa wophunzitsa ukalaliki amene wangovala suti. Ali ngati mleme wa m'nthano uja: kupita kwa mbalame akuti uli ndi mano, kupita kwa mbewa akuti uli ndi mapiko. Mbiri yonse ya ntchitoyi ndi ya mleme wofuna kwawo.

Kale malonda ankaphunziridwa mmene mwana amaphunzirira khasu, poyang'ana wamkulu. Mnyamata ankalowa m'sitolo ya amalume ake n'kuyamba ndi tsache, kenaka kunyamula mabokosi, kenaka sikelo, ndipo patapita zaka ankaloledwa kugwira buku la ngongole. Amene tingamutche kholo la aphunzitsi a bizinesi ndi Luca Pacioli wa ku Italy, mphunzitsi wa masamu yemwenso anali m'chipani cha chipembedzo cha Francis Woyera. Mu 1494 anasindikiza buku la masamu ku Venice, ndipo m'menemo anafotokozamo mmene amalonda a mumzindawo ankalembera mabuku awo: ndalama iliyonse ilembedwe kawiri, kumene yachokera ndi kumene yapita, ndipo mbali ziwirizo zifanane. Njirayo sanaiyambitse ndi iye. Anangoiona kwa eni ake n'kuilemba mwadongosolo kuti wina aiphunzire osadikira amalume. Akauntanti aliyense wa ku Limbe kapena ku Chipata akutsatabe njira yomweyo, ngakhale atakhala pakompyuta.

Masukulu enieni anachedwa. Ku Paris inatsegulidwa sukulu ya zamalonda mu 1819, yomwe lero imadziwika kuti ESCP. Ku America, mwini mafakitale a zitsulo Joseph Wharton anapereka madola 100,000 ku yunivesite ya Pennsylvania mu 1881 kuti akhazikitse sukulu imene ikudziwikabe ndi dzina lake. Harvard inatsatira mu 1908 ndi digiri yomwe lero aliyense amaitcha MBA. Chinawakakamiza n'chakuti makampani a njanji, a zitsulo ndi a mafuta anali atakula kuposa banja. Mwini sakanatha kudziwa wantchito aliyense ndi dzina, ndipo ana ake okha sakanakwana kuyang'anira nthambi zonse. Kunabadwa munthu watsopano, manejala, woyendetsa chuma chomwe si chake. Munthu ameneyo anafunika womuphunzitsa. Vuto linali lakuti ophunzitsawo analibe chophunzitsa: mabuku a phunziroli anali asanalembedwe.

Amene anapeza njira anali Wallace Donham, yemwe anakhala mkulu wa sukulu ya Harvard ija mu 1919. Iye anaphunzira zamalamulo asanakagwire ntchito kubanki ku Boston, ndipo kusukulu ya zamalamuloko anaona njira imene Christopher Langdell anayambitsa mu 1870: m'malo moloweza malamulo, ophunzira ankawerenga milandu yeniyeni ya kukhoti n'kumakangana pa zigamulo zake. Donham anati amalonda nawonso ali ndi milandu yawo. N'chifukwa chake pepala lija la nsapato, ndi ena onse a mtundu wake, pa Chingerezi amatchedwa case, liwu lomwelo la mlandu wa kukhoti. Kusiyana kwake n'kwakuti mlandu wa kukhoti uli ndi woweruza amene anaugamula kale, pomwe mlandu wa bizinesi umathera pamene manejala wagwira mutu, osadziwa cholowera.

Kalasi yake imayenda chonchi. Ophunzira pafupifupi 90 amakhala pamipando yokwera ngati masitepe, yokhota ngati chilembo cha U, kuti aliyense azionana nkhope ndi mnzake. Patsogolo pa aliyense pali kachikwangwani ka dzina lake. Mphunzitsi akalowa sapereka moni wautali. Amatchula dzina la mmodzi, amene sanakweze n'komwe dzanja, n'kumufunsa kuti, "Mukanakhala inu mwini fakitale iyi, mukanatani Lolemba m'mawa?" Wotchulidwayo amayankha mtima uli phaphapha. Wina amamutsutsa. Wachitatu amatulutsa nambala ya patsamba lakumapeto imene ikugwetsa onse awiri. Mphunzitsi akungoyendayenda, kulemba pabolodi, kufunsa "chifukwa chiyani?", kutembenukira kwa amene anagwirapo ntchito kufakitale kuti anene ngati zimenezi zingatheke pakati pa anthu enieni. Zimatenga mphindi 80. Pa zaka ziwiri wophunzira wa ku Harvard amadutsa m'milandu pafupifupi 500, ndipo m'maphunziro ambiri pafupifupi theka la malikisi ake limachokera pa zimene walankhula m'kalasi.

Woonera patali angati mphunzitsi uyu akudya ndalama zaulere, popeza olankhula ndi ana asukulu. Komatu kufunsa n'kovuta kuposa kuuza. Wowerenga manotsi amadziwa kumene ayambire ndi kumene athere. Wotsogolera mlandu sadziwa chimene chituluke pakamwa pa munthu woyamba, choncho amakonzekera njira zingapo nthawi imodzi. Ayenera kudziwa manambala onse a m'nkhaniyo kuposa wophunzira wochenjera kwambiri, kudziwa amene ali wamanyazi ndi amene amakonda kumva liwu lake lomwe, ndi kukonzeratu pamene mfundo iliyonse ikhale pabolodi kuti ikamatha nthawi, bolodilo lizinena lokha nkhani. Akatuluka amakhala pansi kulemba amene wanena chiyani, asanaiwale.

Aliyense amene anakhalapo pabwalo la milandu kumudzi sangaione yachilendo njira imeneyi. Mfumu yanzeru siyamba ndi kulankhula. Imasiya eni mlandu, ankhoswe ndi nduna kuti atafune nkhani, ndipo achinyamata okhala kumbuyo amaphunzira kuweruza pomvetsera. Mutu umodzi susenza denga. Kungoti mfumu pomaliza imagamula, pomwe mphunzitsi wa bizinesi nthawi zambiri amatseka kalasi osagamula. Ophunzira atsopano zimawakwiyitsa kwambiri. Analipira ndalama zambiri, ndiye abwerere opanda yankho? Koma kuofesi kumene akupita kulibe tsamba la mayankho. Chimene akuphunzira ndi kusankha zinthu zisanaoneke bwino, ndi kuteteza chosankhacho pamaso pa anthu osagwirizana nacho.

Mleme uja sanakhazikike ndi zimenezi. Mu 1959 kunatuluka malipoti awiri, lina lolipiridwa ndi bungwe la Ford Foundation, lolembedwa ndi Robert Gordon ndi James Howell, lina la bungwe la Carnegie, lotsogoleredwa ndi Frank Pierson. Onse awiri anadzudzula masukulu a zamalonda a ku America kuti maphunziro ake ndi osaya, ophunzira ake ndi ofooka, ndipo aphunzitsi ambiri sachita kafukufuku, amangosimba zimene anaona ali pantchito. Ford inathira madola mamiliyoni ambiri kuti zinthu zisinthe. Chitsanzo chotsatira chinali sukulu ya ku Pittsburgh, lero mbali ya yunivesite ya Carnegie Mellon, kumene kunali akatswiri ngati Herbert Simon, amene anadzalandira mphoto ya Nobel ya zachuma mu 1978. Kuyambira pamenepo masamu, chiwerengero ndi sayansi ya khalidwe la anthu zinalowa m'kalasi ya bizinesi, ndipo khomo lolowera pantchitoyi linasintha. Mkulu wopuma pantchito wokhala ndi nthano zake anapatsa malo mnyamata wa PhD.

Njira ya lero ku America ndi m'mayiko ambiri otsatira chitsanzo chake ili motere. Munthu amatha zaka zisanu, mwina zisanu ndi chimodzi, akuchita PhD m'nthambi imodzi yopapatiza: zandalama, maakaunti, kutsatsa malonda, kayendetsedwe ka antchito, kapena kayendedwe ka katundu. Akalembedwa ntchito amayamba pampando wotsika wa upulofesa, ndipo wotchi imayamba kugunda. Pakatha zaka pafupifupi zisanu ndi chimodzi akuluakulu amakhala pansi kuweruza ngati apatsidwe mpando wokhazikika umene amautcha tenure. Akakanidwa amalongedza. Chimene amayang'ana kwambiri pamenepo si kalasi, koma kuchuluka kwa zimene wasindikiza m'magazini ochepa a akatswiri, momwe nkhani imodzi imatha kubwezedwa kangapo ndi kutenga zaka isanatuluke. Malipiro ndi abwino poyerekeza ndi a aphunzitsi a maphunziro ena, makamaka kwa a zandalama ndi maakaunti, chifukwa mabanki amawafunanso. Ena amawonjezera ndi kulangiza makampani kapena kuphunzitsa mabwana amene abwera kwa sabata imodzi.

Apa pali chinthu choseketsa chomwe eni ake amavomereza akakhala paokha. Mphunzitsi amakwezedwa chifukwa cha zolemba zimene manejala wamba sadzaziwerenga, ndipo ngakhale ataziwerenga sangazimve. Mbalame zinamulandira, mbewa zikumudabwa. Masukulu amayesa kutseka mpatawu polemba ena ochokera kuntchito, anthu amene anayendetsapo makampani, kuti aziphunzitsa pambali pa ofufuza. Magulu awiriwa amadyera patebulo limodzi, koma samvana nthawi zonse.

Munthu amene mabwana anamuwerengadi sanadutse njira imeneyi. Peter Drucker anabadwira ku Vienna mu 1909, anaphunzira zamalamulo, anagwirapo utolankhani ku Germany, ndipo anachokako pamene chipani cha Nazi chinatenga boma. Ali mphunzitsi wa ndale ndi filosofi pakoleji yaing'ono ya Bennington, ku America, kampani ya magalimoto ya General Motors inamulola mu 1943 kuti aione m'kati. Anayendera mafakitale, anakhala m'misonkhano, anacheza ndi akuluakulu, ndipo mu 1946 anatulutsa buku la Concept of the Corporation. Eni kampani sanalikonde, koma anthu ena analigula kwambiri. Drucker anaphunzitsa ku New York University kuyambira 1950, n'kusamukira ku Claremont, ku California, mu 1971, kumene anaphunzitsa mpaka 2002 ali ndi zaka 92. Sanayendetsepo kampani yaikulu. Chuma chake chinali maso ndi mafunso, ndipo funso limene ankavutitsa nalo mabwana linali la chibwana pomva: kodi bizinesi yanu kwenikweni ndi yotani, ndipo kasitomala wanu ndani? Ambiri ankapeza kuti sakudziwa.

Wina wa maso otero ndi Henry Mintzberg wa ku yunivesite ya McGill, ku Montreal. Pochita PhD yake anaganiza zochita chinthu chimene anzake sankachita: anatsatira akuluakulu asanu a mabungwe, aliyense kwa sabata imodzi, n'kumalemba chilichonse chimene akuchita. Mabuku ankati manejala amakhala phee kukonza mapulani. Mintzberg anapeza munthu wothamangathamanga, wodulidwa mawu ndi lamya ndi ogogoda pakhomo, amene theka la zochita zake silinkatha ngakhale mphindi zisanu ndi zinayi. Zimenezi anazisindikiza mu 1973. Patapita zaka, mu 2004, analemba buku la Managers Not MBAs, momwe anatsutsa ntchito imene iye mwini amadyera. Mfundo yake inali yakuti sungapange manejala m'kalasi kuchokera kwa munthu amene sanayang'anirepo anthu, ndipo njira ya milandu ija imazoloweza achinyamata kugamula za fakitale imene sanaiponde, atangoiwerenga usiku umodzi. Ine ndimaona kuti apa analasa. Kulankhula molimba mtima ndi kudziwa ndi zinthu ziwiri, ndipo kalasi yopereka malikisi pa kulankhula ikhoza kusokoneza ziwirizi.

Umboni wowawa unabwera ndi kampani ya Enron ya ku Houston, imene inagwa mu December 2001 zitadziwika kuti mabuku ake anali ophikidwa. Isanagwe, aphunzitsi a bizinesi ankaitama m'makalasi ngati chitsanzo cha luso latsopano, ndipo amene anaitsogolera, Jeffrey Skilling, yemwe anadzamangidwa, anali ndi MBA ya ku Harvard. Sumantra Ghoshal wa ku London Business School analemba nkhani imene inatuluka mu 2005, iye atamwalira kale, yonena kuti aphunzitsi asasambe m'manja. Ukaphunzitsa achinyamata zaka ndi zaka kuti munthu aliyense ndi wodzikonda ndipo cholinga chokha cha kampani ndi kulemeretsa eni masheya, usadabwe akatuluka n'kukachita zomwezo. Wophunzitsa za nyenyezi akalakwa, nyenyezi sizisuntha. Wophunzitsa bizinesi akalakwa, ophunzira ake amakasandutsa cholakwacho kukhala lamulo la pakampani.

Nanga kwathu kuno? Ku Malawi maphunzirowa akhala nthawi yaitali ku Polytechnic ya ku Blantyre, imene inatsegulidwa mu 1965 ndipo mu 2021 inaima payokha n'kutchedwa Malawi University of Business and Applied Sciences, MUBAS mwachidule. Palinso Malawi College of Accountancy ndi mayunivesite a mipingo ndi a anthu wamba amene achuluka zaka zapitazi, pafupifupi onse ali ndi digiri ya bizinesi chifukwa siifuna labotale. Khomo lolowera nthawi zambiri ndi kukhoza bwino digiri yoyamba, kutengedwa ngati wothandizira kuphunzitsa, kenaka digiri yachiwiri, ndipo PhD ambiri amakaitenga ku South Africa, ku Britain kapena kwina. Makalasi ndi aakulu, mapepala ochonga ndi mulu, ndipo nthawi ya kafukufuku imachita kubedwa usiku. Koma pali mwayi umodzi umene Mintzberg akanaukonda: makalasi a madzulo ndi a kumapeto kwa sabata amadzaza ndi anthu ochokera kubanki, kuboma, ku mabungwe ndi ku maesiteti, amene afika m'kalasi mavuto a kuofesi akadali m'mutu.

Chimene chikusowa ndi milandu yathuyathu. Buku lochokera kunja limanena za Toyota, Apple ndi Walmart, pomwe wophunzira akatuluka pageti amakumana ndi okala, kabaza, kaunjika ndi banki m'khonde. C. K. Prahalad, Mmwenye amene ankaphunzitsa ku yunivesite ya Michigan, anatchuka ndi buku la mu 2004 losonyeza kuti anthu osauka ndi msika waukulu, ndipo chimodzi mwa zitsanzo zake chinali sopo wa m'mutu wogulitsidwa m'timapaketi ta tsiku limodzi ku India. Mayi wa ku Ndirande amene amagawa thumba la ufa m'timapepala ta wokumani, ndi kuthira mafuta ophikira m'timachubu, anaidziwa nzeru imeneyo buku lisanalembedwe. Kungoti palibe anabwera kudzakhala pambali pake ndi kope.

Taganizani mlandu uwu. Mu November 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu, dola imene inkagulidwa pafupifupi K1,180 n'kukwera ndi 44 peresenti kufika pa K1,700. Tiyerekeze mayi amene amaoda nsalu ndi nsapato ku Dar es Salaam. Anakongoza katundu wake kwa aphunzitsi ndi anamwino mu October, oti alipire pakutha pa miyezi iwiri. Onse alipira mokhulupirika, ndipo kope lake likuonetsa phindu. Koma atatenga ndalama zonsezo, mpamba ndi phindu lomwe, sizikukwana kuoda katundu wofanana ndi amene anagulitsa. Wapindula kapena waluza? Akweze mitengo, makasitomala ake malipiro awo asanakwere? Aleke kukongoza, pomwe ngongoleyo ndi imene imamusiyanitsa ndi sitolo ya m'tauni? M'nkhani imodzi yomweyi muli maakaunti, zandalama ndi kasungidwe ka makasitomala.

Ndiye onjezanipo ichi, chimene buku lakunja silichidziwa n'komwe. Phunziro loyamba la maakaunti limati bizinesi ndi mwini wake ndi anthu awiri osiyana, thumba la uyu si la uyo. Mayi uja ali pakati powerengera, lamya yalira: kumudzi kwagwa zovuta, ndipo amene ali ndi geni m'banjamo ndi iye yekha. Bokosi, galimoto, ufa, ndiwo. Mphunzitsi waulesi amangoti kutapa mpamba n'kulakwa, n'kupitirira. Komatu abale omwewo ndi amene anamusonkhera mpamba poyamba, ndipo ndi amene adzamugwire dzanja geniyo ikadzagwa. Chibale ndi inshuwalansi yake, ndipo maliro ndi nthawi yolipira. Funso loyenera kalasi si lakuti apereke kapena asapereke, koma apereke zingati, kuchokera thumba liti, ndipo alembe bwanji kuti geni isafe pamodzi ndi malemu. Ikani funso limeneli pamaso pa ophunzira 90 a ku Blantyre, muone ngati mphindi 80 zingakwane. Aliyense m'kalasimo anaonapo sitolo ya kwawo ikutsekedwa mwini atangomwalira, katundu atagawanidwa ndi achibale, ndipo aliyense ali ndi maganizo ake.

Kwa inu amene mukuilakalaka ntchito imeneyi, masatifiketi muwafunefune ndithu, chifukwa popanda digiri yachiwiri simupita patali, ndipo popanda PhD mudzaima panjira. Mukapeza mpata wogwirako ntchito kukampani kapena kuyendetsa kageni kanu musanayambe kuphunzitsa, musaukane. Koma musadikire zonsezo kuti muyambe. Loweruka likubwerali pitani kumsika ndi kope, mukapemphe mayi wa tomato kuti mukhale pambali pake kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Mukalembe mtengo wa mulu nthawi ya 7 koloko ndi mtengo wake nthawi ya 5 koloko, amene wapatsidwa basera ndi amene wamanidwa, ndi chimene mayiyo wachita ndi tomato wofewa. Mukabwerera kunyumba mukazilembe patsamba limodzi, mafunso awiri kumunsi kwake.